Kalata Yachinayi Ndinalemba Ndekha

Kusukulu? Ayi, kumeneko musandinamizire. Sukulu ndinalekezera kalasi yachiwiri, ya amishoni ija ya kufupi ndi Massangulo, ndipo chimene ndinatengako ndi nyimbo ziwiri ndi chipsera cha ndodo ya aphunzitsi pachala ichi. Kulemba kokhotakhota kumene mukukuonaku ndinakuphunzira ndili mayi wapabanja kale, ku Cuamba, nkhondo ili pakati. Ena amaphunzira kulemba kuti apeze ntchito. Ine ndinaphunzira kuti anthu asandimete.

Dikirani ndiyambe bwino, chifukwa ndikadumphadumpha muziti mayiyu mutu wake sukuyenda.

Kwathu ndi ku Ngauma. Tinkalima chimanga ndi fodya, ine ndi amuna anga. M'banja tinali titatha zaka zitatu, mwana tisanaone. Tsiku limene anthu a m'tchire, ankhondo oukira boma aja, analowa m'mudzi mwathu, amuna anga kunalibe. Anali atalawirira pa njinga kupita ku Mandimba kukasinthitsa fodya ndi mchere. Ine ndinali kudimba. Ndinangoona utsi, kenako anthu akuthamanga osayang'ana m'mbuyo, nanenso ndinathamanga, khasu lili m'manja. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake sindinalitaye. Tsiku lachiwiri tinatulukira pamsewu waukulu, ndipo koluna inatitola, mndandanda wa malole uja woperekezedwa ndi asilikali a boma. Ku Mandimba ndinafunsafunsa pamsika, koma aliyense ankafunsanso za wake. Malole analiza hutala, tinakwera, mpaka ku Cuamba.

Anatiika m'chinyumba chachikulu chimene kale ankasungiramo thonje. Banja lililonse linkadzitchingira malo ndi kapulana, chitenje chija. Ine banja langa linali ine ndi khasu lija. Amayi anamwalira nkhondo isanafike kwathu. Malume anga, mwini mbumba wathu, anthu a m'tchire anawatenga kuti akawasenzere katundu, ndipo sanaonekenso. M'tauni anthu ankayankhula Chimakuwa ndi Chipwitikizi. Tsiku linkatha ine nditangotulutsa mawu awiri, “pepani” pamzere wa madzi ndi “zikomo” kwa wogula nkhuni zanga. Munthu umayamba kuyankhula ndi mtolo wa nkhuni. Musaseke, ndinkatero.

Patapita miyezi, koluna ina inabweretsa apongozi anga, amayi awo a amuna anga, pamodzi ndi mwana wawo wamkulu, alamu anga. Ndinasangalala, ndinati tsopano ndapeza anthu. Koma anabwera ndi nkhani. Alamu anati njinga ya mng'ono wawo anaiona m'mbali mwa msewu wa ku Mandimba, gudumu litapindika, munthu palibe. Anaizindikira ndi chikopa cha mbuzi chimene chinali pachishalo. Apongozi nawo ankalota mwana wawo ataima pakhomo, akufunsa chifukwa chake sakumutsegulira. Ndiye anagwirizana kuti achite mwambo. Munthu akafera kosadziwika, kwathu amakulunga thunthu la nthochi munsalu n'kuliika m'manda m'malo mwake. Akatero amameta mkazi wake mpala, n'kumusudzula, kumuuza kuti banja latha, ndiwe mfulu.

Alamu anandipeza ndikumanga nkhuni.

“Alamu, maliro aja tachedwa nawo.”

“Maliro a ndani?”

“Mukufunsa ngati mlendo bwanji?”

“Mtembo mwauona?”

“Njinga ndaiona.”

“Ndiye kaikeni njingayo. Ine ndinakwatiwa ndi munthu.”

Sanali munthu woipa, alamu angawo, ndinene zoona. Anali atatopa ndi kulira kwa amayi awo. Koma ine ndinkaona chonchi: ndikalola lumo ligwire mutu wanga, ndiye kuti ndavomera ndi pakamwa panga kuti amuna anga anafa. Ndipo akadzatulukira, adzapeza manda awo atamera udzu, mkazi wawo ali mfulu wa aliyense. Ndinakana. Apongozi anati andidikira, koma osapitirira mvula yoyamba, chifukwa sitingalowe m'dzinja lina munthu asanagonekedwe.

Pamsika panali mayi wina wachiyao wochokera ku nyanja ya Amaramba, wogulitsa matemba ndi milamba youma. Chinyanja ankachidziwa, ndiye ndinkakonda kuima pafupi ndi dengu lake ngakhale sindinkagula. Iye ndi amene anandiuza kuti kutsidya kwa malire, ku Malawi, kuli msasa wa anthu othawa nkhondo, ndipo a ku Ngauma aliko ambiri.

“Achemwali, ndipatseni pepala,” anatero. “Ndiliika pansi pa nsomba. Mchimwene wanga amawoloka ndi bwato. Mawu apakamwa amasungunuka panjira.”

Pepala. Nanga alembe ndani? M'chinyumba chathu odziwa kulemba analimo, koma onse anali a mbali ya alamu, ndipo ankati mayi uyu akulimbana ndi mizimu.

Nkhuni zanga ndinkakagulitsa ku nyumba za anthu a njanji, kuseri kwa sitesheni. Kumapeto kwenikweni kunali nyumba ina ya utoto wachikasu wosupukasupuka, ndi mtengo wa mandimu pakhomo. Pakhonde pake pankamveka phokoso, ta-ta-ta, ta-ta, ting'. Ankakhalamo bambo wina wachikulire yekhayekha. Bambo awo anali mzungu, amayi awo Mmakuwa. Azungu pochoka anawasiya chifukwa anali akuda, ife tinkawazemba chifukwa anali oyera. Moyo wawo wonse anali kalaliki wa njanji. Nthawi imeneyo komboyo, sitima ija, inkatha masabata osabwera, ikabwera mabogi ena atapsa, koma iwo m'mawa uliwonse ankavala malaya oyera, kuyang'ana wotchi, n'kukhala pamakina awo olembera.

Tsiku lina ndikudutsa anadzutsa mutu.

“Moni, mayi. Kodi mwauka ndi mtendere?”

Chinyanja! Chachikale, chonga cha m'buku la mapemphero, koma Chinyanja. Anachiphunzira ali mnyamata, akugwira ntchito pa sitesheni ya kumalire. Ndinatula nkhuni, ndinakhala pamasitepe osaitanidwa, ndipo ndinawafotokozera zonse kuyambira utsi uja mpaka thunthu la nthochi. Sanandidule. Nditamaliza anatenga mapepala awiri, anaika lina lakuda pakati, analowetsa m'makina.

“Nenani, ine ndilemba.”

Ndinanena. Sanali mawu ambiri. Koma iwo anagogoda, anagogoda, mpaka pepala linadzaza. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati mwina makina amatalikitsa mawu. Nanga ine makina ndinkawadziwira kuti? Pepala linatuluka loyera, mizere yowongoka ngati ya fodya wa mlangizi. Ndinalinyamula ndi manja awiri.

Yankho silinabwere. Tinalemba yachiwiri. Silinabwere. Tinalemba yachitatu.

Chilimwe chonse chija ndinkapita kumeneko kawiri kapena katatu pa sabata, ngakhale popanda kalata yolemba. Ankandiphikira tiyi wa masamba a mandimu, wopanda shuga, m'kapu ya chigwiriro. Ine ndinkawapatsira chigwada ndikachipeza, chifukwa anthu ophunzirawa akhoza kufa ndi njala masamba ali pakhomo. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo mmodzi yekha, wamkazi, anapita ku Portugal ndi mwamuna wake azungu akuchoka. Mwezi uliwonse ankamulembera kalata pamakina paja, ndipo makope ake ankawasunga m'bokosi la nsapato, atawasanja bwinobwino. Mayankho m'bokosimo munalibe. Tinkakhala choncho, iwo pampando, ine pamasitepe, tonse tikuyang'ana njanji yopanda sitima.

Anthu anayamba kunena. M'chinyumba muja nsalu siitchinga mawu. “Wapeza mzungu wake.” “Akukana kumetedwa koma kwa agogo aja sakana.” Alamu anandifunsa pamaso pa anthu ngati tiyi wa ku njanji ndi wotsekemera. Ndinawayankha kuti ngowawa, koma amamwetsa munthu atakhala pansi. Ndipo Lamlungu lililonse ndinkalukitsa tsitsi langa ndi ulusi wakuda, mizere yayitali yoimirira, n'kupita kutchalitchi wopanda duku, kukakhala kutsogolo. Aone. Aliwerenge ngati akufuna.

Ulendo wa kalata yachitatu mayi wa nsomba uja anawoloka yekha. Atabwerako sanadikire kuti ndimufunse. Anandikokera kuseri kwa madengu.

“Achemwali, munthu wa dzina lija ndamupeza, wa mudzi womwe munanenawo. Ndamupatsa m'manja.”

Ndinamugwira mkono. “Ndiye?”

“Anaigwira pakona ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Akuti ziwiri zoyamba zija anaziponya pamoto osazitambasula n'komwe mpaka pansi. Akuti kalata ya makina ndi ya boma. Akuti abomawo akufuna kumunyengerera kuti awoloke amugwire, amufunse kumene anali.”

“Simunamuuze kuti mwandiona ndi maso?”

“Ndinamuuza. Akuti nanenso andituma. Ndinakakamira mpaka anaitana katekisiti wa pamsasapo kuti awerenge, poti ndi Chipwitikizi. Atamva anati, mkazi wanga sayankhula choncho. Ngati ali moyo ndiye kuti wakwatiwa ndi bwana, bwanayo ndi amene akundiseka.”

“Kodi ali ndi mpata m'mano akutsogolo?”

“Iii, achemwali, munthu sanaseke, mpatawo ndikanauona bwanji?”

Ndinathamangira kwa apongozi ndi nkhaniyo. Alamu anapukusa mutu. Anati dzina limenelo ku Ngauma lili m'mudzi uliwonse, ndipo munthu wowotcha kalata ya mkazi wake si mng'ono wawo. Anati abweretse mawu ake iye mwini, apo ayi mvula ikagwa mwambo uchitika. Kumwamba n'kuti mitambo itayamba kusonkhana masana.

Ndinapita ku njanji nditapsa mtima. Sindinapereke moni.

“Tulutsani mapepala aja mumasunga. Mundiwerengere m'Chinyanja zimene munalemba.”

Anavala magalasi, anatsokomola, anayamba monyadira ndithu. “Kwa mwamuna wanga wokondedwa ndi wolemekezeka. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli ndi thanzi langwiro, monga inenso ndili bwino mwa chisomo cha Mulungu. Ndikukhala mwamtendere mumzinda uno wa Cuamba, kumene ndalandiridwa ndi manja awiri...”

“Imani pomwepo. Ndani ali bwino?”

“Mayi, kalata imayamba choncho.”

“Ine ndinati chiyani?”

Anatsitsa pepala lija.

“Ndinati, inu, ngati mwafa nenani. Ndinatero kapena sindinatero?”

“Munatero. Koma mawu otere salembedwa. Kalata ili ndi malamulo ake. Munthu ali kutali sumuopseza, umamutonthoza.”

“Ndigona pa saka ya thonje, nsabwe zikundidya, anthu akunola lumo, inu mukulemba kuti ndalandiridwa ndi manja awiri? Mwandiveka nsapato za eni, amuna anga andiona n'kundithawa!”

“Zaka makumi atatu ndalemba makalata, palibe bwana anabwezapo imodzi.”

“Ndiye vuto lake limenelo. Ine amuna anga si bwana. Ndi munthu wa fodya.”

Pamenepo ndikanaleka. Koma pakamwa panga pakatseguka sipamva. Ndinaloza bokosi la nsapato lija.

“Mwana wanu uja, mumamulemberanso chonchi? Kuti muli bwino mwa chisomo cha Mulungu? Nanga ayankhe chiyani, poti muli bwino? Munayamba mwamuuzapo kuti mumamwa madzi a masamba, kuti mumayankhula ndi mayi wa nkhuni chifukwa palibe wina?”

Nkhope yawo inasintha. Anavula magalasi, anawapinda, anaika m'thumba la malaya. Anati, “Mwamaliza, mayi?” Ndinati ndamaliza. Ndinanyamuka.

Masiku anayi sindinapondeko. Nkhuni ndinkakagulitsa mbali ina. Ndinkadziuza kuti ndanena zoona, ndipo zinali zoona, koma zoona zina umazinena ngati ukuponya mwala. Ndinkaganiza, tsopano ndatsala ndi ndani? Amuna anga andikana, apongozi andimeta, ndipo munthu mmodzi amene ankandipatsa moni ndamutukwana pakhomo pake.

Tsiku lachisanu masana m'chinyumba muja munangoti zii. Ndinasuzumira kuseri kwa kapulana yanga. Ndi iwo, malaya oyera aja, akudumpha miphika ndi ana, akufunsa m'Chinyanja chawo cha m'tchalitchi kuti mayi wa tsitsi loluka amagona pati. Anthu a njanji sankalowa muja. Ankati mumanunkha, ndipo munkanunkhadi. Anaima patsogolo panga, anatulutsa kabuku ka ana asukulu ndi pensulo yaifupi ngati chala.

“Munati munafika kalasi yachiwiri.”

“Ndinaiwala zonse.”

“Dzanja siliiwala. Ine sindilembanso kalata yanu. Mulemba nokha.”

“Idzakhala yonyansa.”

“Ikhale yonyansa. Yokongola tayesa katatu.”

Ndinaseka, anthu onse akuyang'ana. Za mawu anga aja sanazitchule, inenso sindinapepese. Ndinangowayalira saka kuti akhale.

Tinatha pafupifupi masabata awiri. M'mawa nkhuni, masana pakhonde paja, ine pamasitepe kabuku kali pabondo. Pensulo ndinkaigwira ngati mpini, mpaka inkaboola pepala. Zilembo zina zinkabwerera zokha, zina ndinkachita kuzikoka. Ndikalakwitsa iwo ankagwira mutu n'kudandaula m'Chipwitikizi, ine n'kuwayankha m'Chinyanja kuti adikire, nawonso sangathe kupalira mzere umodzi. Lamulo tinapangana limodzi: iwo andiuze kalembedwe ka mawu, koma mawuwo asakhudze.

Tsiku lina anabwera ndi nzeru. Anati kwa azungu mkazi amadula katsitsi pang'ono n'kuika m'kalata, kuti mwamuna adziwe kuti ndi iyeyo.

“Tsitsi m'kalata? Mukufuna msasa wonse unene kuti ndine mfiti? Munthu waopa makina, ndiye aone tsitsi? Athawira ku Zambia!”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Nanga adziwa bwanji kuti ndinu?”

Ndinaganiza. Panali nkhani imodzi imene ndinaikana zaka ziwiri, ngakhale pamaso pa ankhoswe. Ndinati basi, ipite imeneyo.

Kalatayo ndimaikumbukira yonse, poti ndinaikopera kasanu:

“Inu, ndine. Ngati mwafa nenani, chifukwa kuno akufuna kundimeta. Makalata a makina aja analemba ndi agogo ena opanda mano, si bwana. Sindili bwino. Mbuzi imene inadya fodya wanu m'chigafa ndinaimasula ndine, chingwe sichinaduke chokha. Amayi anu ali kuno, akukulotani. Yankhani msanga, mvula ili pafupi.”

Atawerenga anakweza chala. “Mano ndili nawo asanu ndi awiri.”

“Tinapangana kuti mawu simukhudza.”

“Koma ndi bodza.”

“Inu munalemba mabodza mapepala atatu. Ndilekeni langa limodzi.”

Anaipinda okha, osaiika mu envulopu, kuti isaoneke ya ofesi. Ndisanachoke anandionetsa pepala lina, la dzanja lawo, mizere inayi yokha. Linali lopita kwa mwana wawo. Sanandiwerengere, inenso sindinafunse. Ndinangoona kuti kope lake sanasunge. Ngati mwanayo anayankha, ine sindinamve.

Mayi wa nsomba ananyamuka ndi kalata yanga Lachiwiri. Loweruka mvula inagwa.

Ndikuuzirenitu, kuti mtima ukhale pansi: yankho linadzabwera, koma patapita miyezi iwiri, njira ya ku nyanja itauma. Linali la pensulonso, lonyansa kuposa langa, ndipo theka lake linali la mbuzi. Mwini wake ndi omwe mwawapeza panjapo akusoka fodya, a mpata m'manowo. Koma Loweruka lija ine sindinkadziwa zimenezo. Ndinkangomva mvula ikumenya malata a chinyumba chija, ana akuvina panja, ndi alamu akuuza anthu kuti mwambo ndi Lolemba m'mawa.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapita ku njanji kukawauza. Anafunsa ngati palibe chimene chingaimitse.

“Chilipo, koma ine ndilibe. Posudzula pamafunika wa kuchikazi. Malume akakana, lumo siligwira. Anga anapita ndi katundu wa eni.”

Anangogwedeza mutu n'kundithirira tiyi. Sindinawapemphe kanthu. Ndikanawapempha chiyani?

Lolemba tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chinyumba, pansi pali chinyezi. Anayala mphasa ziwiri zoyang'anizana. Pa ina panakhala apongozi, alamu, ndi mkulu wina wa kumudzi kwawo amene ankayendetsa mwambo, lumo ali nalo m'kansalu. Thunthu la nthochi linali pambali, atalikulunga m'kapulana yakale ya apongozi. Pa mphasa inayo ndinakhala ine ndekha, tsitsi nditalukitsa dzulo lake. Ndinali nditatsimikiza kuti ndikana mpaka andigwire manja, ndipo ndinkadziwa kuti amayi atatu amene anaima kumbuyo kwanga anaimira zomwezo. Anthu anadzaza, poti zoonerera kunalibe zina.

Mkulu uja anafunsa monga mwa mwambo. “Wa kuchikazi ndani pano?”

Anthu anayang'ana mphasa yanga.

“Alibe,” anatero alamu. “Nkhondo inadya. Tipitirize, agogo.”

Kumbuyo anthu anayamba kupatuka. Ndinaona nsapato zakuda zodzaza matope, kenako malaya oyera. Wina anathamanga kukatenga chitini kuti mlendo akhalire, poti munthu wotero sakhala pansi. Iwo anachikana ndi dzanja. Anavula nsapato, anagwira phewa langa, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, mawondo akulira ngati nsungwi, mpaka anakhala pamphasa yanga, miyendo atatambasula. Anthu anaseka.

“Bambo, mwabwera kudzaonerera?” anafunsa mkulu uja.

“Ndabwera kudzakana.”

“Kukana chiyani?”

“Lumo. Kalata ili panjira. Mpaka iyankhidwe, mutu uwu saugwira munthu.”

Alamu anaimirira. “Inu a njanji, pano si pa sitesheni poti muimitse komboyo ndi mbendera. Pano amayankhula ndi mwini mbumba. Malume a mayiyu ndimawadziwa, ndinamwa nawo mowa, ngakuda ngati ine. Inu mwachokera mbali iti? Kapena mwabwera kudzalondola tiyi wanu?”

Anthu anasekanso, kwambiri. Koma iwo sanatekeseke.

“Amayi anga anali Mmakuwa,” anatero. “Kwathunso mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mlandu wake amakhalira ndi malume. Mwambowu sindinauwerenge m'buku. Mphasa iyi ndaipeza yopanda munthu, ndakhalapo. Ngati alipo mwini wake, abwere, ndinyamuka. Kungoti mundithandize kudzuka.”

Mkulu uja anakanda chibwano. Anali munthu wosamala, sankafuna mlandu ndi amoyo kapena ndi akufa.

“Umalume munthu sadzipatsa yekha,” anatero. “Anene ndi mwini wake. Mayi, tamverani. Mukati bambo awa simukuwadziwa, achoke, tipitirize. Mukati ndi a kwanu, ine lumo ndibweza m'thumba, thunthu likadyetsedwe mbuzi, tidikire kalatayo ngakhale mpaka kukolola. Koma munene pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Munthu uyu ndi ndani wanu?”

Ndine mkhristu, ndinabatizidwa ndili khanda, ndipo bodza la pabwalo ndimaliopa. La mano lija linali lamasewera, ili linali lina. Ndinayang'ana mapazi awo oyera aja pamphasa, zala zopindika, akunjenjemera pang'ono ndi kuzizira. Ndinadzifunsa, kodi malume n'chiyani? Amene anabadwa bere limodzi ndi amayi anga anapita, Mulungu awasunge kumene ali. Koma ntchito yawo ndi iyi, kukhala mbali yako tsiku limene wina aliyense wakhala mbali inayo.

Ndinayang'ana apongozi. Ndinkayembekeza diso laukali. Koma dzanja lawo linali litachoka pa thunthu lija. Nawonso sankafuna kuika nthochi. Ankangofuna wina awaletse.

“Nena, mwananga,” anatero chapansipansi.

Ndinakonza kapulana yanga, ndinagwada bwinobwino monga mkazi wolemekeza bwalo, ndipo ndinakweza mawu kuti ndi amayi atatu a kumbuyo aja amve.

“Awa ndi malume anga.”